Mzere wa pa Matiresi

Mukanawafunsa a Mmisiri ngati amatuluka thukuta akagona, akanakuyang'anani ngati mwawanamizira kuba nkhuku. Thukuta iwo ankalidziwa kushedi kwawo, kumene ankawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Koma kunyumba, akasamba n'kukwera pabedi, ankadziona ngati munthu wouma gwa, wosasiyana ndi zitsulo zawo. Umboni unalipo. Zaka zonse za ukwati wawo, zoposa makumi atatu, mabedishiti a m'nyumba mwawo anali oyera mbee, onunkhira dzuwa. Sanadzifunsepo kuti kuyerako kumachokera kuti. Ankangoganiza kuti nsalu zoyera zimakhala zoyera, basi.

Kenako akazi awo anagonekedwa m'chipatala. Anawachita opaleshoni ya m'mimba, ndipo bala linachedwa kupola, moti masiku amene adokotala ananena anasanduka masabata. Ana onse anali kutali ndi mabanja awo, ankangoimba foni. Amene ankadikirira wodwala anali akulu awo a mayiwo, mayi wamtali wa mawu akuthwa, amene chikwatiwire mng'ono wawo sanakhutirepo ndi a Mmisiri. Ankati mlamu wawoyo ndi munthu wabwino, inde, koma ubwino wake ndi wa mpando: suluma munthu, komanso suthandiza kusesa.

Tsiku lina masana alamu a Mmisiriwo, akulu a mayi aja, anabwera kunyumba kudzatenga zovala zosinthira za wodwala. A Mmisiri anawatsegulira kuchipinda n'kuima pakhomo. Alamu analowa, anatsegula katani kuti aone bwino m'kabati, ndipo kuwala kutagwera pabedi anaima chilili.

"Alamu," anatero, "pabedi apa mukugonapo inu, kapena mukukazingirapo nsomba?"

A Mmisiri anayang'ana. Kunena zoona, aka kanali koyamba kuliyang'ana bedilo masana. Nsalu inali yachikasu ngati yothiridwa tiyi, pakati pake yoderapo kwambiri, ndipo mapilo anali atathimbirira mpaka kuchita kunyezimira. Pakona panali mulu wa mabedishiti ena amene iwo anayalula m'masabata apitawo, akudikira munthu amene sanali kubwera.

"Ndi fumbi," anatero a Mmisiri. "Mawindowa amalowetsa fumbi."

"Fumbi lokhala ndi mutu ndi mapewa? Ndi thukuta lanu ili." Alamu anapinda madiresi awiri n'kuwaika m'chikwama. "Tamverani. Adokotala akuti amutulutsa Lachisanu, ndipo anenetsa kuti balalo likufuna ukhondo. Mng'ono wanga sangadzagoneke bala pa zinthu izi. Ndikupita naye kwanga. Akhala kumeneko mpaka atachira, ndipo akachira tidzakambirana."

Mawu akuti tidzakambiranawo ndi amene anawalowa a Mmisiri mumtima. Ankawadziwa alamu awo. Kwawo kunali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, ndipo munthu akalowa m'manja mwawo sankatulukamo msanga. Atatsala okha anakhala pampando wa pabalaza n'kumvetsera nyumba. Wotchi ya pakhoma yokha ndi imene inkayankhula. Anachita mantha, mantha enieni, a bambo wamkulu amene wazindikira kuti mkazi wake akhoza kuchira bwinobwino koma osabwerera kwawo.

Tsono munthu aliyense amamenya nkhondo ndi zida zimene amazidziwa. Kwa a Mmisiri, chinthu chikada ndiye kuti chachita dzimbiri, ndipo dzimbiri limamva moto ndi mphamvu. Anakatenga theka la mgolo kushedi, anauteleka pamafuwa kuseri kwa nyumba, anadzazamo madzi n'kusonkhezera moto waukulu. Madzi atabwadamuka anaponyamo mabedishiti awiri abwino kwambiri, aja a maluwa osokedwa m'mphepete, n'kukhuthuliramo botolo lonse la bulichi. Anavundula ndi mpini wa khasu, maso akuwawa, mphuno zikuyabwa. Atawavuula anawakwecha ndi bulashi ya waya imene amapalira zitsulo. Poona kuti akuchedwa kuuma, anawasita ndi simbi yotentha kwambiri.

Chimene chinatuluka pamenepo chinali chomvetsa chisoni. Chikasu chija sichinachoke. Chinakhwima, chinaderako ngati chikopa, ndipo tsopano chinkaoneka kuti chakhazikika mpaka kalekale. Pamene anakwecha kwambiri panabooka bowo lolowa chibakera. Anaikweza nsaluyo, anasuzumira pabowolo, n'kuona mpanda wa aneba.

M'mawa mwake anapita kuchipatala pa nthawi yoona odwala, atanyamula nthochi ndi manyazi. Akazi awo anagona pabedi la pafupi ndi windo. Anali atachepa thupi, koma maso awo anali omwe aja, oona zonse. Alamu anali pambali akukonza kachubu ka diripi uku akudandaula.

"Munthu uyu sagona," anatero alamu osawayang'ana a Mmisiri. "Tulo tikangomugwira, dzanja ili latuluka m'bulangeti, likusakasaka m'mbali mwa bedi ngati lataya ndalama. Anamwino abwezeretsa diripi mpaka atopa. Ndikamufunsa kuti pakupweteka pati, akuti palibe."

"Palibedi, akulu," anatero mayiwo.

Alamu atatuluka kukatsuka mbale, a Mmisiri anakokera mpando pafupi. Anayamba ndi nkhani ya geti la kusukulu limene anali asanamalize, anadutsa pa nkhani ya nkhuku, kenako anatsokomola.

"Amayi, mabedishiti aja a maluwa. Ndinati ndiwachape."

"Munawachapa ndi chiyani?"

"Ndinangowawiritsa pang'ono. Ndi bulichi."

Mayiwo anatseka maso. A Mmisiri anaganiza kuti akulira, koma anaona mapewa akugwedezeka ndi dzanja likugwira pabala. Ankaseka, kuseka kowawa kwa munthu wosokedwa pamimba.

"Abambo, musandiphe. Mwawaphika mabedishiti anga?" Anapuma kaye. "Thukuta lili ngati dzira. Mukaliika pamoto limapsa n'kumamatira pansalu. Bulichi ndiye amaliwonjezera chikasu. Simbi yabwera kudzakhomerera zonse."

"Ndiye kuti ine ndimatulukadi thukuta ndikagona?"

"Inu? Mumavumba ngati mvula."

Mayi wina wa pabedi loyandikana anatembenukira kukhoma, msana ukunjenjemera ndi phwete. A Mmisiri anayang'ana nsapato zawo.

Akazi awo anawauza zochita, pang'onopang'ono, ngati akulangiza mwana njira ya kumsika. Kukhitchini, pansi pa kabati, kuli ndowa yachivundikiro. Muli soda wophikira, botolo la viniga ndi mswachi wakale. Madzi akhale ozizira, a pampopi. Muthiremo kapu ya viniga, nsalu zinyikidwe mpaka mthunzi wa nyumba usunthe. Soda mumukandire ndi timadzi akhale ngati phala, mumupake pachikasupo, muzisisita ndi mswachi mofatsa, osati ngati mukupala geti. Musiye agwire ntchito yake. Kenako muchape ndi sopo, mutsukuluze mpaka madzi ayere. Pamene pakukanirira mufinyirepo ndimu, muyanike padzuwa nsalu idakali yonyowa. Ikauma chikasu chisanathe, muinyowetsenso. Simbi isayandikire mpaka banga litatheratu.

"Matiresi ndiye musawanyike m'madzi," anapitiriza. "Mungowapukuta ndi kansalu konyowa ka viniga, muwaze soda, muwatulutse padzuwa. Ine kuwatulutsako ndinalephera. Munawatsekera m'zitsulo zanu zija, ndinkangopukuta pamwamba."

A Mmisiri anafunsa, "Zonsezi mumachita kangati?"

"Loweruka lililonse, inu muli kushedi. Nyengo yotentha, ndi pakati pa sabata pomwe."

"Chiyambire liti?"

"Chiyambire inu."

Anafuna kufunsa funso lina, lija linawabweretsa, loti kodi adzabwerera kunyumba. Linatuluka lopindika. "Kwa akulu anu mukakhala bwino. Kuli mpweya wabwino."

"Akulu akunena zoona za bala," anatero mayiwo. Anawayang'anitsitsa amuna awo kumaso nthawi yaitali. "Koma inu mukugona bwanji?"

"Bwinobwino."

"M'mawa mutu ukumawawa?"

"Pang'ono. Ndi utsi wa kushedi."

"Muzigonera m'mbali, abambo. Osagona chagada. Mwamva?"

Alamu analowa ndi mbale, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Tsiku lotsatira shedi sinatsegulidwe. A Mmisiri anaipeza ndowa ija pamene anauzidwa. Mswachi unali utaphwasuka tsitsi, ndipo chogwirira chake chinali chitasalala pamene pamakhala chala chachikulu. Anaugwira n'kupeza kuti chala chawo sichikwanapo. Anatulutsa mulu wa mabedishiti uja wa pakona, ndi zikwama za mapilo, n'kuyamba.

Ntchito yake inawavuta chifukwa inalibe phokoso. Iwo anazolowera ntchito yothetheka moto, yoti anthu odutsa mumsewu aziphimba maso. Iyi inali ya kugwada pabeseni, kusisita pang'onopang'ono ndi kudikira. Kudikirako ndiye kunawapweteka kwambiri. Anazungulira beseni, anakadyetsa nkhuku, anabwerera, anasuzumira, anadziletsa kuwonjezera madzi otentha. Msana unawawa, mawondo anachita dzanzi. Atatsukuluza anaona kuti chikasu chachepa, koma chikadalipo, ndipo anayamba kukayikira. Anafinyirapo mandimu monga anauzidwa, anayala nsalu pa udzu ndi pa waya, n'kukhala pakhonde atagwira tsaya.

Dzuwa linakwera. Poyamba sanaone kanthu. Kenako, pansalu ya pafupi ndi iwo, anazindikira kuti malire a banga sakuonekanso bwino. Anadzuka n'kukanjuta pambali pake. Chikasu chinkatha iwo akuona, osati msangamsanga, koma monga umachokera mthunzi wa mtambo pabwalo. Palibe amene ankachikwecha. Palibe moto, palibe mphamvu. Madzi ozizira, ndimu ndi dzuwa lomwe lija limene linkawaotcha pakhosi tsiku ndi tsiku kushedi. Anainyowetsanso nsaluyo, anadikira, ndipo itauma kachiwiri inayera mbee, kuyera kothobwa m'maso. Anaitola n'kuinunkhiza. Linali fungo la kunyumba kwawo, limene iwo ankaganiza kuti limabwera lokha.

Anaima pakati pa nsalu zikuuluzika n'kuyesa kuganizira Maloweruka onse a zaka zimenezo. Mutu unakana. Anangomva ulemu waukulu ukuwakwera, wonga umene munthu amamva akaima pansi pa mlatho waukulu n'kuyang'ana m'mwamba, iye wodziwa kulemera kwa chitsulo chimodzi.

Anatsala matiresi. Bedi lawo linali lachitsulo, lowotcherera okha chaka chimene anakwatira, onse awiri ali owonda ngati nsungwi. Matiresi awa anali achiwiri, ogula mwana wawo womaliza akuyamba sukulu, ndipo kuti asamaterereke a Mmisiri anawazunguliza ndi mkombero wachitsulo wothina, n'kunyadira kuti apa ndiye sadzasunthanso. Sanasunthedi. Anamasula mabawuti a mkomberowo, anachotsa bulangeti lakale limene mayi ankayala pansi pa bedishiti, anasenza matiresiwo n'kukawagwetsa pa udzu.

Atabwerera m'mbuyo kuti apukute nkhope, anaona anthu awiri atagona pamatiresipo.

Thukuta la zaka zonse linali litajambula. Pakati panali chimunthu chachikulu, chagada, manja tambasu, miyendo uku ndi uku, ngati munthu wagwa kuchokera padenga. Chinatenga pafupifupi malo onse. Kumbali imene imakhala kukhoma, m'mphepete penipeni, kunali kamunthu kena kotuwa pang'ono, kogonera m'mbali, mawondo atapinda, nkhope italoza kwa chimunthucho. Zonse zinkaoneka, phewa, chiuno, ngakhale pamene pamakhala zidendene.

A Mmisiri anavula chipewa osadziwa kuti avula. Anagwada n'kuyeza kamunthuko ndi zikhatho, poti mmisiri sakhulupirira maso okha. Zikhatho zawo ziwiri zinakwana m'lifupi mwake, n'kutsalako pang'ono. Anayang'ana uku ndi uku ngati pali amene akuwaona, kenako anagona pamalo a akazi awowo, chammbali, mawondo atapinda. Theka la thupi lawo linali pa udzu. Anayesa kudzipanikiza, anakoka mimba, koma sizinatheke. Anagona choncho kanthawi, akuyang'ana dera lalikulu la chimunthu chija kuchokera kumene akazi awo ankaliyang'anira, ndipo misozi inatsikira m'khutu.

Ali chigonere anaona chinthu china. Kuchokera paphewa la kamunthu kaja panatuluka mzere wopyapyala, wowoloka kampata koyera kamene kanali pakati pa awiriwo, n'kukalowa m'nthiti za chimunthucho. Anaupapasa ndi chala. Siponji inali italowa pansi pang'ono motsatira mzerewo, ngati kanjira ka anthu oyenda pansi. Anaganiza kuti mwina ndi tiyi anatayika kalekale, kapena lamba anaiwalika pansi pa bulangeti. Sanapeze yankho.

Anapukuta matiresi onse ndi kansalu ka viniga, anawaza soda, anawasiya padzuwa mpaka madzulo, n'kuwakuntha. M'mawa mwake anabwereza. Chimunthu chija chinazimirira, kamunthu kaja kanazimirira, fungo linatha. Mzere wokha uja unatsala, wotuwa, wooneka kwa munthu amene akudziwa pamene uli.

Koma a Mmisiri anali atapeza kale chochita, ndipo mtima unali m'malo chifukwa tsopano inali ntchito ya chitsulo. Mkazi amene wagona pa zikhatho ziwiri zaka zonsezi, anadziuza, sadzagonanso mopanikizika iwo ali moyo. Anamasula bedi, analikweza pangolo mpaka kushedi, analidula n'kuliwonjezera chigawo china kumbali ya kunja, chachikulu bwino, choti iwo asunthireko n'kuwasiyira mayi bwalo lonse. Anagula siponji yowonjezera, telala wa pafupi ndi shedi anaisokera nsalu. Bedi litabwerera kuchipinda linadzaza malo moti chitseko chinkangotseguka theka, munthu n'kumalowa chammbali. Iwo sanaone vuto. Analumikiza mabedishiti awiri oyera kuti akwane, anakonza mapilo, n'kuima pakhomo akusisita manja.

Lachisanu masana galimoto ya hayala inaima pageti. Alamu anatsika koyamba n'kuuza dalaivala kuti asazimitse injini, sachedwa. Zikwama zinatsala m'galimoto.

"Wakakamira kuti aone nyumba yake tisanapite kudepoti," anatero alamu. "Tingotenga majuzi ake basi."

Mayi anatsika pang'onopang'ono, dzanja lina pamimba, lina paphewa la amuna awo. Anadutsa pabalaza osanena kanthu za fumbi la pa tebulo. Alamu anatsogola, anakankha chitseko cha kuchipinda, chitseko chinagunda chitsulo, ndipo analowa chammbali akung'ung'udza. A Mmisiri anawamva mkatimo akufunyulula bedishiti, akununkhiza pilo, akukweza ngodya ya matiresi.

"Mwalemba ganyu ndani?" anafunsa alamu.

"Ndachapa ndekha, alamu."

"Zayera," anatero alamu, ngati mawuwo akuwawawa pakhosi. "Sindinama, zayera. Koma kuyera kwa tsiku limodzi sikuchiritsa bala. Tiye, mng'ono wanga, basi itisiya."

Mayi anali atalowa. Anagwira nsalu n'kuitikita pakati pa zala, ndipo nkhope yawo inawala. Kenako anayang'ana bedi lonse, kuchokera kukhoma mpaka kuchitseko, ndipo kuwalako kunazima.

"Abambo, bedi ili mwalitani?"

"Ndalikulitsa." A Mmisiri analoza chigawo chatsopanocho. "Ndinaona pamatiresi pamene mumagona, amayi. Ndinayesa kugonapo, sindinakwane. Zaka zonsezi ndakhala ndikukupanikizirani kukhoma osadziwa. Tsopano ine ndizigona uku, kumapeto. Konseko ndi kwanu."

"Kumapeto uko?" Mayi anakhala pansi pabedi mosamala, kumbali yawo ya kukhoma, n'kutambasula dzanja. Linathera panjira, kutali ndi pilo wa amuna awo. "Nanga dzanja langa lizikufikani bwanji?"

"Dzanja la chiyani?"

"Inu mukagona chagada mumaliza mkonono, kenako mumasiya. Mumasiya kupuma, abambo. Chifuwa chimangoima zii. Ine ndimagona dzanja lili panthiti panu. Ndikamva kuti chaima, ndimakugwedezani, mumakoka mpweya, tulo n'kupitirira. Kukhoma kuja simunandipanikizire inu. Ndimagona pamene dzanja likufika bwino."

A Mmisiri anatsamira chitseko. "Usiku uliwonse?"

"Kangapo."

"Osandiuza?"

"Ndinakuuzani tili achinyamata, munati ndikulota. Ndinakuuzaninso, munati amuna onse amatero. Ndiye ndinatseka pakamwa n'kusiyira dzanja. Linazolowera, limagwira ntchito ngakhale ine ndili m'tulo." Anawayang'ana amuna awo, maso atadzaza madzi. "Kuchipatala kuja bala silinkandisowetsa tulo. Ndinkangoti, kodi munthu uja akumugwedeza ndani?"

Panja dalaivala analiza hutala. Palibe amene anasuntha. A Mmisiri ankaganiza za mzere uja, ndi kanjira kolowa pansi m'siponji. Anamva mpweya ukulowa m'chifuwa mwawo n'kutuluka, chinthu chimene sanachimvetserepo chibadwire, ndipo anachita nacho mantha ndi ulemu. Mageti onse amene anawotcherera, ana amene analera, m'mawa uliwonse umene anadzuka n'kudandaula kuti tiyi wachepa shuga, zonsezo zinadutsa pa kanjira kopyapyala kameneko, iwo ali m'tulo.

Alamu anali chiimire kumiyendo kwa bedi, juzi ili m'manja. Ankayang'ana dzanja la mng'ono wawo, lokhala ndi zipsera za singano ya diripi, lili chitambasukire pansalu yoyera.

"Ndiye n'zimene linkasaka," anatero motsitsa mawu. "Ine ndinkalibweza m'bulangeti. Tsiku lina ndinachita kulimanga ndi mpango."

Anaika juzi ija pabedi. Anatuluka chammbali pachitseko, ndipo posakhalitsa anamveka akukangana ndi dalaivala panja. Anabwerera atanyamula zikwama zonse ziwiri, cha mng'ono wawo ndi chawo chomwe.

"Ndikhala kuchipinda cha ana mpaka bala litauma," anatero. "Ndipo inu alamu, Lolemba mukaonane ndi adokotala za kupuma kwanuko. Ndikuperekezani ndekha. Dzanja la mng'ono wanga lagwira ntchito mokwanira." Anapita kukhitchini, ndipo anamveka akutsegula makabati n'kumadandaula za mapoto.

A Mmisiri anayang'ana bedi lawo lalikululo, ntchito ya masiku awiri. "Ndikalidulenso mawa," anatero.

"Lisiyeni, ndi labwino. Miyendo yanga iziwongokako." Mayi anagona pang'onopang'ono, chammbali, n'kukwirira mphuno mu pilo. "Mandimu munachulutsa. Koma mwakhoza. Tavulani nsapato, mugone apa ndiyeze."

Anavula nsapato n'kugona kumapeto kwa chigawo chatsopano, owuma ngati mlendo.

"Senderani."

Anasendera.

"Senderaninso."

Anasendera mpaka chikhatho cha mayi chinatera panthiti pawo, pamalo pake penipeni, osaphonya. Chinali chopepuka, chofunda. A Mmisiri anagona duu, akuona dzanjalo likukwera ndi kutsika pamodzi ndi chifuwa chawo. Dzuwa la masana linkalowa pawindo n'kugwera pansalu yoyera. Pasanapite nthawi zala za mayi zinafewa, mpweya wawo unatalika, ndipo anagona tulo timene anatisowa masabata onse aja.

Kunkatentha. A Mmisiri anamva thukuta likuyamba pakhosi, likutsikira kumsana, likulowa mu bedishiti imene anaivutikira. Sanasunthe. Mawa linali Loweruka, ndipo ndowa ankadziwa pamene ili.